Tinatsata mphenzi popita ku Athlone

Ulendo wake unali wokaona khanda. Alamu anga, achemwali awo a bambo a Tadala, anali atachira ku Athlone, mwana wamwamuna, ndipo tinapangana kuti Loweruka tikawaone. Ine chibwerereni ku Ireland ndinali ndisanatulukepo mu Dublin. Kuyenda kwanga kunali kwa mu Ongar momwemo mmene timakhala, ku sitolo ya pakona, kutchalitchi, ndi kusukulu ya mkaka kukasiya mwana. Ndiye ndinakondwa. Lachisanu ndinakazinga nkhuku ndi mandasi, ndinakulunga matewera, sopo ndi chitenje chatsopano.

Sabata yonseyo kunkatentha ngati Okutobala wa kwathu ku Mchinji. Azungu ankagona pa kapinga osavala malaya. Kunalibe ndi kamphepo komwe.

Bambo a Tadala, dzina lawo a Limbani, amagwira ntchito ku nyumba yosamalira okalamba. Chaka chatha anagula kamera yakale kwa mnzawo, ndipo kuyambira pamenepo maso awo amangokhala kumwamba. Galimoto tili nayo, koma laisensi yawo ndi ya wophunzira, ndipo lamulo la kuno sililola wophunzira kuyendetsa popanda munthu wa laisensi yonse pambali pake. N'chifukwa chake anaitana a Sakala, mnzawo wa ku Chipata amene amakhala ku Finglas ndipo amagawa katundu m'makomo pa vani.

A Sakala anachedwa. Tinadikira panja, katundu ali m'galimoto. Tadala, mwana wathu wa zaka zitatu, anali atavala kale jekete yake ya mvula, yofiira ngati tomato wakupsa. Anakana kuivula ngakhale thukuta linali kamukamu. Ndinamusiya, poti mwana akayamba kulira pakhomo anthu amasuzumira m'mawindo, ndipo ine manyazi amandigwira.

"Mulamu, bwanji! Nikhululukileni, basi yenze yanisiya," anatero a Sakala atafika, atanyamula chithumba chachitali paphewa.

"Chimenecho n'chiyani?" ndinafunsa bambo a Tadala chapansipansi.

"Miyendo ya kamera. Si tikajambula mwana?"

A Sakala anangoseka.

Sukulu ndinalekera Sitandade 5, kuwerenga ndimawerenga pang'onopang'ono, koma zikwangwani za pamsewu ndimazitha. Alamu anali atandiuza pafoni kuti msewu wa kwawo ndi umene walembedwa Galway. Ku Lucan chikwangwanicho ndinachiona, ndipo tinachidutsa. Tinalowa timisewu tokhotakhota mpaka tinatulukira mumsewu waukulu, zikwangwani zikuti Naas, Limerick.

"Kodi si kumbuyo kuja?" ndinatero.

"Tithawa tologeti, mulamu," a Sakala anayankha osacheuka. "Aba bantu bamadya ndalama maningi."

Ndinazisiya. Ine ndine wa kumpando wakumbuyo.

Titadutsa Naas tinaima pothira petulo. Ndinapita ndi Tadala kuchimbudzi, ndipo panali mzere wautali. Pobwerera ndinapeza amuna awiri aja atawerama pa foni ya a Sakala, ndipo sanali okha. Panali mzungu wina wandevu, wa galimoto yodzaza ndi zingwe ndi makamera, ndi mayi wachikulire wa tsitsi loyera atagwira galu. Onse ankayang'ana foni, kenako kumwamba, kenako foni. Ndinasuzumira. Anali mapu, ndipo pamapupo panali zigamba zobiriwira, zachikasu, pakati pake pofiira. Zigambazo zinkasuntha ngati nyerere.

Mayi wa galu uja anandimwetulira n'kunena kanthu mofulumira. Ndinangomva mawu amodzi, lightning. Ndinamwetuliranso.

M'galimoto ndinati, "Bambo a Tadala, tikupita kuti?"

"Ku Athlone, mayi. Kungoti tidzera pena pake pang'ono. Mvula ya mabingu ngati imeneyi kuno siibwera kawirikawiri. Chaka chingathe osaiona."

"Ndi mwana?"

"M'galimoto ndi mmene muli motetezeka kuposa m'nyumba. Afunseni a Sakala."

"Ni zoona, mulamu. Mphenzi ikamenya motoka imayenda pa nsimbi kunja, n'kungena pansi. Imwe mukati simumvela olo pang'ono. Ni sayansi."

Ndikanatha kunena kuti nditsitseni. Koma nditsike ndipite kuti, pamalo pamene sindikuwadziwa, ndi Chingerezi changa chomwe chimathera pakhosi? Ndinamanga lamba wa Tadala n'kumuonanso kawiri.

Kupitirira Newbridge kuli chigwa chachikulu chimene amachitcha Curragh. Ndi udzu wokhawokha, kopanda mpanda, ndipo nkhosa zimangoyenda mpaka mumsewu, zitapakidwa penti wabuluu pamsana. Apo ndi pamene tinaima koyamba. Amuna anatulutsa miyendo ya kamera ija n'kuiimika. Ine ndinatsegula chitseko kuti mpweya ulowe, koma mpweya kunalibe.

Tinadikira. Tinadya mandasi. Tadala anathamangitsa nkhosa mpaka anatopa, anabwera kudzamwa madzi, anapitanso. A Sakala anadya miyendo iwiri ya nkhuku ya alamu, akulonjeza kuti akapepesa okha. Foni ya bambo a Tadala inalira, anali achemwali awo.

"Tili m'njira, achemwali. Ee, magalimoto achuluka lero."

Pamsewupo panalibe galimoto ndi imodzi yomwe.

Kenako ndinaona kuti nkhosa zonse zagona, zonse zitayang'ana mbali imodzi. Mbalame zinali zitasiya kulira, sindikudziwa kuti zinasiya liti. Chakummwera kunali mtambo umodzi wokha, wautali ngati chulu, pamwamba pake poyera mbee ndiponso pophwatalala, pansi pake pakuda mobiriwira. Sunkaoneka kuti ukuyenda. Koma ukayang'ana kumbali n'kuyang'ananso, umapeza wakula.

Kwathu ndinali ndi mnzanga, Esinati. Tinkachokera limodzi kudambo ndi mitolo ya udzu mvula itatipeza. Iye anali patsogolo, atavala juzi yofiira imene amalume ake anamugulira pa kaunjika. Sindinamve phokoso. Ndinangodzuka ndili chagada, m'kamwa mukumveka ngati ndanyambita khasu, ndipo Esinati anali atagona, mtolo wake ukufuka utsi. Pamaliro aliyense ankanena za juziyo. Amayi anga kunyumba anali ndi malamulo awo kukayamba kugunda: chofiira vula, galasi phimba, mipeni ndi mapoto owala bisa, pakhomo usakhale, mtambo usauloze. Iwe khala pansi, fundira mutu, dikira zidutse.

Nkhani imeneyi bambo a Tadala amaidziwa. Ndinawauzapo kamodzi tisanakwatirane.

A Sakala anali akuloza mtambo uja ndi fupa la nkhuku.

"Yapatuka! Ba Limbani, yayenda ku west. Tiyeni, tiyeni, izatisiya!"

Tinapakira mothamanga. Tinadutsa tauni ya Kildare, kenako timisewu topapatiza tokhala ndi mipanda ya zitsamba mbali zonse. Kutsogolo kwathu kunalowa thirakitala yokoka udzu, ndipo tinaitsata ulendo wautali, a Sakala akumenya bondo ndi dzanja. Ku Rathangan kuli kamlatho kokwera ngati msana wa ng'ombe. Pamwamba penipeni galimoto inazima. Bambo a Tadala analiza, inazimanso, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Wa kumbuyo kwathu anaimba hutala.

"Chokani, mudala, chokani. Mwamene muyendesela imwe tizafika mvula yasila."

"Inuyo munapambana bwanji mayeso, ndi changu chimenechi?"

"Ninabalipila na smile."

Anasinthana mipando akuseka. Ine sindinaseke. Kunja kunali kutayamba kusintha mtundu, kuwala kwake kwachikasu ngati m'chipinda cha wodwala.

Kupitirira Rathangan nyumba zinayamba kuchepa, kenako zinatha. Msewu unayamba kukwera ndi kutsika pawokha ngati pansi pake pali madzi. Mitengo inatha. A Sakala anakhotera m'kanjira ka miyala, tinayenda pang'ono, n'kuima.

Malo ngati amenewo ndinali ndisanawaonepo. Dziko lonse linali lakuda, lathyathyathya mpaka kumene maso amalekezera. Bambo a Tadala anati ndi dambo lakalekale, ndipo dothi lake anthu amalidula ngati njerwa, kuliumitsa, n'kumasonkhezera moto m'nyengo yozizira. Njerwazo anali ataziunjika timilu timilu kuti ziume, kamulu kalikonse kofika m'ntchafu, m'mizere yosawerengeka. Pakati pa mizere panali ngalande zakuya za madzi akuda bii, osayenda. Munthu panalibe. Timiluto tinkaoneka ngati ana ambirimbiri amene awauza kuti akhale pansi adikire, ndipo amene anawauzayo sanabwerenso.

Mtambo uja unali pamwamba pathu tsopano. Pansi pake panalendewera zinthu ngati mabere a ng'ombe. Kunada ngati dzuwa lalowa, chonsecho unali usana.

"Mayi, inu khalani momwemo, musatuluke," anatero bambo a Tadala. Nkhope yawo inali ikuwala ngati ya mwana. "Tili pompa, pa kamtunda apo."

Anatsegula kumbuyo, anatenga zida zawo, anathamangira ku kamtunda kena kutsogolo kwa galimoto. Ndinawaona akuimika kamera n'kuiveka pulasitiki.

Ching'aning'ani choyamba chinalibe phokoso. Chinangoyala dziko lonse poyera, timilu tonse tija tikuoneka ndi mithunzi yake, kenako mdima. Tadala anawomba m'manja.

"Again! Mummy, again!"

Ndipamene ndinaiona bwino jekete ija. Mumdima wa m'galimoto inali ngati ikuyaka yokha.

Ndinamasula lamba wake. "Vula, mwanawe."

"No!"

"Tadala, vula msanga."

Analimbana nane, analira, anandimenya ndi kachibakera pachifuwa. Ndinamuvula ndithu. Jeketeyo ndinaipinda n'kuikankhira pansi pa mpando, mkati kwenikweni. Ndinavula juzi yanga yotuwa n'kumuveka, inamufika m'mawondo. Kenako ndinaona galasi la kutsogolo, lija woyendetsa amaonera za m'mbuyo, likung'anima. Ndinadutsa pakati pa mipando, ndinamasula duku kumutu, ndinalikulunga pagalasipo. Ndinazima wailesi. Makiyi ndinawaponya pansi.

Bingu linagunda ndili pomwepo. Silinali la kumwamba, linachokera pansi, galimoto yonse inanjenjemera mpaka m'mano. Ndinapezeka ndili pansi, kutsogolo kwa mpando, chitenje chili kumutu, zala zili m'makutu. Ndinafuula kuti, "Tadala, gona pansi, fundira mutu!" Ndiye matalala anayamba. Padenga la galimoto pankamveka ngati anthu akukhuthulapo miyala. Ndinapemphera Tikuoneni Maria, sindikudziwa kangati. Mumtima ndinkati mwana ali kumbuyo kwangaku, wagona, chofiira ndachichotsa, galasi ndaphimba, ndachita zonse.

Zitseko zinatseguka. Amuna analowa akuseka, ali chinyowere, akupukuta kamera ndi malaya.

"Mwaiona ija, mudala? Mwaiona? Yenze na miyendo itatu!"

"Mayi, dzukani, mukutani pansipo? Eee, ndi galasi lomwe mwaliveka duku?"

Kenako bambo a Tadala anasiya kuseka.

"Tadala ali kuti?"

Chitseko cha kumbuyo, cha mbali ya kudambo, chinali chotsegula. Matalala anali atadzaza pampando wake.

Sindikukumbuka mmene ndinatulukira. Ndikukumbuka mvula ikumenya kumaso ngati mchenga, ndi mawu a bambo a Tadala akuitana, mphepo ikuwabweza. Tinazungulira galimoto, tinasuzumira pansi pake. Tinathamanga m'kanjira kutsogolo ndi kumbuyo. Palibe.

"Yang'anani chofiira!" anakuwa bambo a Tadala. "A Sakala, wavala jekete yofiira, ioneka patali!"

"Sanavale," ndinatero.

"Chiyani?"

"Ndinamuvula. Wavala juzi yanga."

Anandiyang'ana. Ching'aning'ani chinawala, ndipo ndinaona nkhope yawo yonse, kukamwa kuli yasa. Anatembenukira kudambo kuja.

Kukawala, timilu tonse tinkaoneka, mazanamazana, totuwa, tonyowa, tofanana msinkhu ndi mwana wanga. Kukada, tinkasowa. Kukawalanso, tinkakhala ngati tasendera pafupi. Ndinathamangira kamodzi kamene ndinaona ngati kali ndi mutu, ndinakagwira, njerwa zinagumukira m'manja mwanga. Ndinagwira kena. Madzi m'ngalande anali atayamba kuyenda tsopano, akuthamanga, akutenga matalala oyera pamwamba pake.

"Imani! Ba Limbani, mulamu, imani!" A Sakala anali m'galimoto, chitseko chili chotsegula, ataweramira kamera. "Bwelani kuno!"

"Ino si nthawi ya zithunzi!" anakalipa bambo a Tadala.

"Kamera yenze ijambula yeka nthawi yonse! Ise tenze tiyangana kumwamba, yeve yenze iona na pansi. Bwelani!"

Bambo a Tadala anapita. Ine ndinaima pamvula pomwepo. Ndinkangomva mawu awo. A Sakala ankabweza zithunzi chimodzichimodzi, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo.

"Onani apa. Mu line iyi muli tumilu tungati? Manje onani iyi inzake. Aka kachokela kuti? Apa kalibe. Apa kalipo. Apa kasendela."

"Ndi kuti kumeneko?"

"Kuja ku mtengo. Mwauona mtengo umodzi uja? Line ya ku left kwake, pafupi na drain."

Kutali, kumapeto kwa mizere, kunalidi kamtengo kamodzi koyera, kopindika. Sindinadikire. Ndinathamanga.

Dothi limenelo likanyowa silikhala dothi. Nsapato imodzi inatsalira pa sitepe yoyamba, inayo ndinaivula ndekha. Kumbuyo ndinamva bambo a Tadala akugwa, atatitimira mpaka m'bondo, akundiuza kuti pitani, pitani. A Sakala anadzera tsidya lina la ngalande. Ine ndinali ndekha pakati pa timilu, mutu uli pamtunda, popanda duku, popanda chofunda, chinthu chachitali kuposa zonse m'dambo lonselo. Ndinkadziwa zimenezo. Ndinkazidziwa ndi msana wanga wonse.

Ndinaitana. Ine amene kusitolo amandiuza kuti ndibwereze chifukwa sanandimve, ndinakuwa mpaka kukhosi kunang'ambika. "Tadala! Tadala iwe! Ndine amayi ako!" Palibe anayankha. Ndinkagwira kamulu kalikonse ndikamadutsa, ndi manja onse awiri, uku ndi uku, ngati wakhungu.

Nditayandikira kamtengo kaja, mvula inadukiza mwadzidzidzi. Kunangoti zii. Ndinamva madzi okha m'ngalande. Kenako tsitsi la pamikono yanga linaima, ndipo m'kamwa munabwera kukoma kuja, kwa khasu. Ndinakuzindikira. Ndinagwada.

Kuwala ndi phokoso zinabwera pamodzi. Sindikudziwa pamene inagwera, a Sakala amati inali kutsidya kwa mtengo, patali ndithu. Ine ndinangoona zoyera, ndipo m'zoyeramo, patsogolo panga pang'ono, kamulu kamodzi kanali ndi tinsapato.

Anali atanyonyomala m'mphepete mwenimweni mwa ngalande, juzi ataikokera kumutu, zala zili m'makutu. N'chifukwa chake sankatimva. Dothi la pansi pa mapazi ake linali litayamba kugumukira m'madzi. Sindinamuitane, ndinaopa kuti adzidzimuka n'kugwera kutsogolo. Ndinakwawa ndi mawondo, ndinagwira juziyo kumsana ndi dzanja lonse, ndinakoka.

Anali wozizira ngati mwala wa mumtsinje. Sanalire. Anandiyang'ana ndi maso aakulu n'kunena kuti, "I was looking for Daddy. Then I did like you, Mummy."

Ndinamubereka kumbuyo ndi chitenje changa cha m'chiuno, chonyowa chomwecho, ndinamanga mfundo ziwiri. Pobwerera tinakumana ndi bambo ake, matope mpaka m'chiuno. Anafuna kumutenga. Ndinapitirira.

M'galimoto a Sakala anayatsa chotenthetsera mpaka kumapeto. Tinamuvula zonyowa, tinamukulunga m'chitenje chatsopano chija cha khanda, ndinamuika pachifuwa panga mpaka kunjenjemera kunachepa. Kenako ndinamukhazika pampando wake n'kumanga lamba. A Sakala anachotsa duku pagalasi mwakachetechete, analipinda bwinobwino, anandipatsira ndi manja awiri.

Tinayenda. Mvula inali itapita kutsogolo, kumbuyo kwathu dzuwa linatuluka ngati palibe chachitika. Tinadutsa midzi ingapo. Tikuyandikira Tullamore bambo a Tadala analankhula, maso ali kutsogolo.

"Jekete ija munamuvuliranji?"

"Inu munatibweretseranji kuno?"

"Ndinakuuzani kuti m'galimoto simungachitike kanthu. Mukanangokhala."

"Za Esinati ndinakuuzani."

"Esinati sanafe chifukwa cha juzi, mayi. Anafa chifukwa anali pamtetete."

"Nanga ife munakatiimika pati?"

A Sakala anatsokomola. "Imwe bantu, mwana ali moyo. Vinangu mukakambe ku nyumba." Patapita kanthawi anawonjeza, mawu ali pansi, "Na ine ambuya benze bamativula vofiira. Nenze naibala chabe."

Ku Athlone tinafika dzuwa litapendeka. Alamu anatsegula chitseko, anationa matope, mapazi anga opanda nsapato, ndi chitenje cha mphatso chili pa Tadala. Anayang'ana mchimwene wawo nthawi yaitali. "Magalimoto ake anali amenewa?" Kenako anandigwira dzanja n'kundilowetsa kubafa. Madzi amene ndinamusambitsa Tadala anada ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinawataya, ndinathira ena, anadanso. Khandalo ndinalinyamula, linali lokongola, koma ndinalibweza msanga.

M'mawa mwake, titachoka ku Misa, ndinafunsa alamu kumene amakwerera basi ya ku Dublin. Bambo a Tadala anamva.

"Basi yachiyani? Galimoto ilipo. Lero kulibe mvula, tidzera msewu waukulu, tologeti tilipira."

"Inu bwerani ndi a Sakala. Ife tikwera basi."

"Mukasintha bwanji mu tauni? Simunayendepo nokha."

"Ndikafunsa."

Alamu anandibwereka nsapato. Bambo a Tadala anatiperekeza pokwerera basi, kamera ili pakhosi, poti kuisiya sangathe. Tikiti ndinagula ndekha. Mayi wa pawindo anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza. Basi inachedwa. Tinakhala pa benchi, Tadala pakati pathu akudya bisiketi. Pafupi nafe mnyamata ndi mtsikana ankakangana chapansipansi, ndipo bambo wina wokalamba ankauza aliyense kuti mvula ya dzulo inagwetsa mtengo pa khola lake.

Bambo a Tadala anayatsa kamera. Anakhala akuiyang'ana, kenako anati, "Ndikufuna ndizifufute zonse. Koma muone kaye chimodzi. Chimene chinatithandiza."

Sindinkafuna, koma ndinalandira. Chithunzicho chinali chokongola, ndisaname. Kumwamba kunali kofiirira, mphenzi itatsika ndi miyendo itatu mpaka pansi. Kumunsi kwake kunali dambo lija, timilu tonse tili m'mizere, ndi kamtengo koyera kumapeto.

"Mwamuona?" anafunsa.

Ndinayang'anitsitsa. Malo ndinkawadziwa, ndinafikako ndi mawondo anga. Ndinatsata mzere wa kumanzere kwa mtengo, pafupi ndi ngalande. Ndinamuona, kamsana kake kopindika, kamutu kali pansi. Ndinaika chala.

"Uyu."

Bambo a Tadala anaweramira pafupi.

"Ayi, mayi. Kameneko ndi kamulu. Tadala ndi uyu."

Anasuntha chala changa, timilu tiwiri kumanja.

Basi inafika. Munali mipando yambiri yopanda anthu, ndipo woyendetsa anandiuza kuti mwana akhoza kukhala payekha. Ndinamukhazika pawindo, ndinamumanga lamba, ndinagwira mkono wake. Anadandaula kuti ndikumupweteka. Ndinafewetsa pang'ono, koma sindinausiye mpaka ku Dublin.